Degrade wopanda chipewa

Kompyuta ija inafika pasikola pathu pa njinga, itakulungidwa m'bulangete ngati wodwala wopita kuchipatala. Ine ndinali kalaliki wa mu sekeretariya. Ntchito yanga inali kutayipa makalata, kusunga mapepala a ana ndi kuyankha kuti "eya, senyori diretori" mwina kakhumi dzuwa lisanafike paliwombo. Ndinali nditagwira zaka zinayi pa kontratu, ija imatha Dezembru aliyense n'kukusiya ukupemphera kuti aikonzenso. Chomwe ndinkafuna pansi pano chinali chimodzi basi: nomeyasau, pepala lonena kuti boma lakutenga kukhala wake mpaka ukalamba. Ndinali ndi ana awiri. Bambo awo anapita ku Lichinga kukafuna ntchito, ntchitoyo sanaipeze, anapezako mkazi. Ndiye pepala limenelo sindinkalifuna mwachibwana ayi.

Titaiyatsa kompyutayo, panatuluka chithunzi cha kaphiri ka udzu wometedwa bwinobwino. Kopanda mbuzi, kopanda phata la chinangwa, kopanda ngakhale kanjira kosonyeza kuti munthu anadutsapo. Ndinakapirira sabata imodzi, kenako kanayamba kundinyansa. Phiri lanji lopanda mwini? Kuno kwathu malo otere mabanja atatu akanasiya kale kupatsana moni.

A diretori athu anali bambo wamtali, wa imvi, wa jekete imodzi yomwe ankaivala ngakhale mu Novembru dzuwa likuswa mtengo. Sanali munthu woipa, koma ankadzimva. Mwana wawo wa ku Nampula anawatumizira foni yojambula zithunzi, nthawi imene tonsefe tinali ndi timafoni ta mabatani, ndipo ankaiika m'thumba la pachifuwa itatulutsa mutu kuti tisaiwale. Atamva kuti kaphiri kaja kamachotseka, anabwera ndi foniyo ndi chingwe chake. Munali chithunzi cha tsiku lomwe analandira dipuloma, atavala mkanjo wakuda ndi chisoti chafulati.

"Dona sekeretariya, ikani ichi. Kompyuta ya sikola iyenera kudziwa mwini wake."

Ndinalumikiza chingwecho, ndinadinadina mabatani, n'kuwauza kuti makinawo akana, akuti chithunzicho n'cholemera. Bodza lamkunkhuniza. Koma nkhope yawo ndinkaiona kale kuyambira seti ora m'mawa mpaka poweruka, ndipo kuiikanso pagalasi kukanakhala kundilanga kawiri pamlandu umodzi.

Loweruka lina ndinapalasa njinga kupita ku Metangula, kwa mayi wina wachisilamu yemwe anali ndi kashopu ka fotokopi ndipo ankapanganso makadi a ukwati. Pakompyuta yake ndinaona khadi lina. Kumbuyo kwa mayina a akwatiwo mtundu unayamba wofiirira pamwamba, n'kumatsika, n'kumatsika, osaona pomwe wasinthira, pansi n'kupezeka wayera. Ndinaiwala zomwe ndinabwerera, kukamwa kuli yasa.

"Achemwali, chimenechi mwachita bwanji?"

"Ameneyu ndi degradê," anatero, osasiya kudula mapepala. "E womalizayo amavala kachipewa. Khalani apa ndikuonetseni, n'zosavuta kuposa kukazinga usipa."

Zinalidi zosavuta. Umatsegula pulogalamu ija yopangira masamba oonetsa pamisonkhano, n'kujambula bokosi lalikulu lodzaza tsamba lonse. Ukatero umasankha mitundu iwiri, wina pamwamba wina pansi, makinawo n'kusungunula pakatipo okha. Ukafuna umapendeketsa kuti mtundu uchokere pakona iyi kupita pakona iyo. Umasunga ngati chithunzi, n'kuchiyala kumbuyo kwa timafoda tako. Basi, kaphiri kaja kapita.

Lolemba lake ndinapanga woyamba, ndipo kuyambira pamenepo matenda anandilowa. Magetsi akakhalapo, makalata akatha, ine pa mitundu. Ndinaphunzira kuti si mitundu yonse imakwatirana. Wofiira ndi wobiriwira ukaiphatikiza, pakati pamatuluka chinthu chonga madzi otsukira mbale. Ndinaphunziranso kuti galasi lathu linali lotchipa, moti mitundu yakuda ikachuluka linkaonetsa mizeremizere m'malo mosalala, ine n'kuyambiranso ndikutukwana chamumtima. Mphunzitsi akabwera kudzapempha kaundula wa ana ndili pakati posankha mtundu, ankabwerera atamva mawu omwe sanawapemphe.

Mitunduyo ndinkaiba pa zinthu zomwe ndinkaona. Papaya wodula pakati, kuchoka kukhungu kulowa mkati. Usipa wa pathandala ku Chiwanga, wonyezimira tsiku loyamba, wofiirira tsiku lachiwiri. Nsalu ya kapulana ya mphunzitsi wina yomwe inasuluka mbali imodzi chifukwa choiiwala pachingwe. Wina ndinamupanga kuchokera pa diso la mlonda wathu mkazi wake atamutibula: wakuda pakati, wofiirira m'mbali, wachikasu kumapeto. Anatuluka wokongola zedi, ndipo mlondayo anamuyamikira osadziwa kuti ndi diso lake.

A diretori akamadutsa ankaima kumbuyo kwa mpando wanga n'kupukusa mutu.

"Lero mwaika chiyani?"

"Wobiriwira kutsikira ku wobiriwira, senyori diretori."

"Ndiye mwasintha chiyani?"

"Wa pamwambayu ndi wobiriwira wa thambo, wa pansiyu ndi wa masamba."

"Chinyanja chathu chinasauka pa mitundu," ankatero, "ndipo inu mwasauka pa ntchito. Boma likulipira magetsi kuti muziphika chikasu."

Panali kavuto kamodzi komwe sindinakalabadire. Kiyibodi yathu inachokera kudziko komwe zilembo zimayenda zopanda zipewa. Ndinafufuza batani la kachipewa ka pa e mpaka kutopa, osalipeza. M'makalata a boma tizipewa ndi timichira tonse ta Chipwitikizi ndinkachita kuwonjezera ndi cholembera pepala litatuluka. Koma dzina la fayilo sungalikonze ndi cholembera. Ndiye ndinkangosunga kuti degrade 1, degrade 2, mpaka ndinafika pa degrade 47, onse m'foda imodzi.

Chaka chimenecho mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo chomwe chinasasula denga la chipinda cha ana a kalasi yachitatu. Malata anakatera m'minda, ndipo pofika mawa lake anali atapeza eni atsopano. A diretori analembera kalata akuluakulu athu. Analembanso ina, kenako ina. Zonsezo ndinkatayipa ndine, ndipo m'kalata iliyonse munali liwu lija lomwe kwathu ngakhale mwana woyamwa amalidziwa: degradada, chowonongeka. Pawailesi msewu ndi degradada, mlatho degradada, chilichonse degradada. Ndi liwu lomwe wamkulu amaloledwa kulinena pamsonkhano anthu n'kuwomba m'manja, koma wamng'ono akalinena, wayamba ndale. Makalatawo sanayankhidwe ndi imodzi yomwe, ndipo ana anapitiriza kuphunzirira m'makoma anayi opanda denga.

Tsiku lina mvula inayamba ana ali mkati. Ndinasuzumira pawindo la sekeretariya ndipo ndinaona a diretori ataima kuseri kwa chipindacho, pabowo la windo lakumbuyo, jekete itanyowa, foni ili m'mwamba akujambula. Mphunzitsi anali pabolodi, ana atakhala m'madzi, misana ili kwa iwo, makope atawasenza pamutu. A diretori atatembenuka maso athu anakumana. Iwo anabwezera foni m'thumba, ine ndinabwerera pa papaya wanga.

Pasanathe sabata ziwiri chithunzi chija chinali chitayenda m'mafoni a anthu mpaka kukafika kumaofesi akuluakulu. Kumeneko anakwiya koopsa. Osati chifukwa cha denga ayi. Anakwiyira amene anajambula.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachitatu lina m'mawa galimoto inaima pabwalo, n'kutulukamo a insipetori: bambo wamfupi, wachikwama chachikopa, yemwe asanakwezedwe anaphunzitsa Chipwitikizi zaka zambiri ndipo matendawo anali asanachire. Chipinda chopanda dengacho anangochilambalala maso ali pansi. Analunjika kwa ine, poti kompyuta yanga ndiyo inali ndi kamodemu kotumizira zinthu kunja. Anakhala pampando wanga, ine chiimire, a diretori pakhomo, aphunzitsi atatu pawindo akunamizira kufuna choko.

Anatsegula foda iyi, anatsegula iyo. Kenako chala chinaima.

"Dona, werengani apa."

"Degradê, senyori insipetori."

"Ayi. Werengani zomwe mwalemba, osati zomwe mukufuna ndimve. Chipewa chili kuti?"

"Kiyibodiyi ilibe chipewa."

"Popanda chipewa liwu ili ndi degrade." Analitchula mokweza, akugogomeza pakati, ngati ali kutsogolo kwa kalasi. "Ameneyu ndi mneni. Ndi lamulo, kapena temberero. Kutanthauza kuti chiwonongeke, chigwe. Ndipo mwalilemba osati kamodzi, osati kawiri. Chomwe mukufuna chigwecho n'chiyani, dona?"

Ndinkafuna kuseka, koma ndinadzigwira.

"Tsegulani muone, senyori insipetori. Ndi mitundu chabe."

Anatsegula. Tsoka ilo, dzanja lawo linagwera pa degrade 12, wofiira piriwiri pamwamba, akuzilala kutsika mpaka pansi kuyera mbee. Ine ameneyo ndinamupanga nditadya chivwende. Koma kwathu aliyense amadziwa kuti chofiira n'chandani: ndi mtundu wa chipani cholamula.

"Chofiira chikutha," anatero a insipetori pang'onopang'ono, chala chikutsika pagalasi. "Chikutha, chikutha, mpaka chatheratu. Mwafika patali, dona."

"Ndi chivwende."

"Nanga nthanga zake zili kuti?"

Pawindo wina anatsokomola pofuna kubisa phwete. A insipetori anatsegulanso wa diso la mlonda, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ameneyu sakumumva, ndiye kuti ndi woopsa kuposa onse. Kenako anatulutsa kabuku.

"Muli pa kontratu eti?"

"Eya."

"Imatha liti?"

"Dezembru."

Analemba. Pamenepo kuseka konse kunandithera. Ndinachita mantha enieni. Ndinadziona ndikubwerera kwa amayi ku Msumba, chikwama pamutu, ana awiri pambuyo, azimayi a pagombe akukodolana kuti wa mu ofesi uja wabwera kudzayanika nafe usipa. Ndipo zonsezi chifukwa cha kachipewa kochepa kuposa ntchentche.

A diretori anakonza kukhosi.

"Senyori insipetori, mundikhululukire, ndachedwa kulankhula. Mitundu imeneyi ndinamutuma ndine. Tikufuna kupaka penti chipinda chija kuti chisamachititse manyazi boma, ndiye ndinati andipangire zitsanzo ndisankhepo. Dzinalo ndi la chipindacho, degradada. Koma mwanayu Chipwitikizi chake n'cha kumsika, anangolidula mchira liwulo."

Ndinawayang'ana. Munthu yemwe ankandinyoza tsiku ndi tsiku chifukwa cha mitundu yomweyo anaponya bodza losalala chotero osaphethira n'komwe. Zoti Chipwitikizi changa n'cha kumsika zinandiwawa, poti makalata awo onse ndinkakonza ndine, koma ndinameza. A insipetori nkhope inamasuka. Za penti ankazimva. Denga ndi nkhani yaitali, koma penti imafika msanga ndipo imaoneka pachithunzi. Anayamba kutsegula mmodzimmodzi ngati akusankhira mkazi wawo nsalu, akufunsa maganizo a aphunzitsi a pawindo aja, mpaka anakhazikika pa degrade 23, wobiriwira wa thambo kutsikira ku woyera. Anati ameneyu amapatsa chiyembekezo.

Ndinkayesa zatha. Pochoka anandiuza kuti ndiwanyamulire chikwama mpaka pagalimoto. Tili awiri pansi pa mtengo wa mango anatsitsa mawu, anasiya Chipwitikizi chomwe analankhula m'mawa wonse, n'kuyamba Chinyanja chenicheni cha pagombe, chomwe sindinkadziwa kuti ali nacho.

"Mlongo wanga, mapepala anu a nomeyasau ali patebulo panga. Ine sindingabwerere chimanjamanja, akandidya ine. Sindikufuna zambiri. Wajambula ndani?"

Ndakhala ndikudziuza zambiri za kanthawi kameneko. Kuti ndinali ndi ana. Kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiwo udiretori umenewo. Kuti sindinatchule dzina la munthu, ndipo n'zoona, sindinatchule. Ndinangopisa m'chikwama changa n'kutulutsa kafoni kanga ka mabatani.

"Yanga ndi iyi, ilibe diso. Pasikola pano foni yokhala ndi diso ndi imodzi yokha."

Sanafunse kuti ndi yandani. Inali ikusuzumira m'thumba la jekete m'mawa wonse. Anandithokoza, analandira chikwama chawo, galimoto inapita. Nditabwerera mu sekeretariya a diretori anandifunsa ngati mtima watsika tsopano, n'kuwonjezera kuti kuyambira lero ndiziwalemekeza, poti andiwombola m'kamwa mwa ng'ona. Ankaseka. Ine ndinasekanso.

Sabata zitatu zotsatira sindinapange degradê ndi mmodzi yemwe. Ndinkabwera molawirira, ndinkasesa mu ofesi mwawo ngakhale sinali ntchito yanga, tsiku lina mpaka ndinawabweretsera chinangwa chophika. Iwo anauza aphunzitsi kuti mwaona, munthu akaopsezedwa amakhwima nzeru. Galimoto iliyonse ikalira pamsewu ndinkathamangira pawindo.

Kenako galimoto yomwe ija inabwera ndi zitini ziwiri za penti, yabuluu ndi yoyera, ndi envulopu imodzi yaikulu. Malata ayi. Mu envulopumo munali mapepala anga a nomeyasau, ofunika siginecha ndi chidindo cha mkulu wa sikola. Munalinso kalata yosamutsa a diretori kupita kukasikola kena kumtunda, kupitirira Lunho, komwe nthawi ya dzinja galimoto sifika. Ankapita ngati mphunzitsi wamba. Anali atatsala zaka ziwiri kuti apume pantchito.

Penti tinapaka. Woyang'anira ndinali ine, poti katswiri ndine. Mlonda ndi aphunzitsi awiri anagwira maburashi, ine ndikuthira yoyera pang'onopang'ono m'ndowa ya yabuluu mzere uliwonse ukatha. Khoma silisungunula lokha ngati kompyuta. Linatuluka mizeremizere, ndipo mlonda anadzipaka kuposa momwe anapakira khomalo. Koma ukaima patali, chakumsewu, linkaoneka bwino ndithu. Pamwamba pa khoma ubuluu unkalumikizana ndi thambo, moti sunkazindikira msanga kuti denga palibe. Anabwera munthu kudzajambula, ndipo chithunzi chimenecho sichinakwiyitse aliyense.

Mapepala anga aja ndinawabisa pansi pa kiyibodi masiku anayi. Ndinkaganiza zodikira diretori watsopano, poti kukawaika patsogolo pa bambo aja ndinalibe nkhope yochitira zimenezo. Aphunzitsi ankanong'onezana kuti waulula ndani, wina akuti mlonda, wina akuti mwana wa ku Nampula anadzitama pakumwa. Ine ndinkavomereza zonse.

Tsiku lomaliza la a diretori katundu anali atamangidwa kale pakhonde la nyumba yawo: matiresi, mipando iwiri, thumba la mabuku. Anandiitanira mu ofesi.

"Dona sekeretariya, bweretsani mapepala aja. Watsopanoyo sakukudziwani, adzawasunga chaka chathunthu."

Ndinawabweretsa. Anavala magalasi, anawerenga tsamba lililonse mosafulumira. Pamalo polemba za khalidwe la wantchito analemba kuti ndine wakhama, wosunga nthawi ndi wokhulupirika. Anasaina, anadinda chidindo, n'kuuzira inki kuti iume.

"Bambo," ndinatero, ndipo aka kanali koyamba kuwatchula choncho.

"A insipetori anandiuza zonse," anatero, akutseka cholembera. "Musavutike. Foni yanu ilibedi diso. Inu simunaname, mwana wanga. Wonama tsiku lija ndinali ine."

Ndikanakonda akananditukwana. Ndinalandira mapepalawo ndi manja awiri n'kutuluka, ndipo ntchito yomwe anandisainira tsiku limenelo ndi yomwe yalera ana anga onse awiri.